Mabwinja a Nyenyezi

M'boma la Rufunsa, kum'mawa kwa Lusaka pa mseu waukulu wopita ku Chipata, usiku wa m'nyengo yacisanu umayera bwino koposa. Mvula imakhala itatha, utsi wa lupsa usanadetse mlengalenga, ndipo midzi ya kwa Mpanshya, kwa Bunda Bunda ndi kwa Shikabeta iri kutali ndi nyali za m'tauni. M'miyezi ya Juni ndi Julayi, anthu atagona, Mlalang'amba umaima pafupi-fupi pamwamba pa mutu, ndipo pakati pace pamaoneka potupa ndi powala, koma podulidwa ndi mizere yakuda bii. Kuseri kwa mizere imeneyo kuli bwinja la nyenyezi imene inaphulika. Mwa mabwinja onse otere amene adziwika mu Mlalang'amba, limeneli ndilo latsopano koposa. Koma palibe munthu ndi mmodzi yemwe amene anaona kuphulika kwace, ngakhale ku Rufunsa, ngakhale ku Ulaya kumene kunali mandala akulu-akulu oonera kutali. Linapezeka ndi wailesi. Nayi mbiri ya m'mene anthu anaphunzirira kuchera khutu kumwamba, ndi zimene anamvako.

IMFA YA NYENYEZI

Nyenyezi iri yonse ndi dzuwa lokhala kutali kwambiri, ndipo monga moto uli wonse, iri ndi tsiku limene nkhuni zace zidzatha. Nyenyezi yaikulu, yolemera kuposa dzuwa kasanu ndi katatu kapena kuposapo, iri ngati ng'anjo. M'kati mwace mpweya wopepuka umasandulika zinthu zolemera, cimodzi pambuyo pa cinzace, kufikira pakati peni-peni padzaza citsulo. Citsulo sicipatsa moto m'ng'anjo imeneyi; tsono moto umene unali kucirikiza nyenyeziyo ukazima, cimacitika cimene munthu wa mu mgodi amaciopa koposa zonse, ndico kugwa kwa denga losowa mizati. Pakati pa nyenyezi pamagumukira m'kati sekondi imodzi isanathe, ndipo mphamvu ya kugumukako imaponya mbali zakunja kutali ndi liwiro loopsya. Ziriponso nyenyezi zazing'ono zokalamba zimene zimaba mpweya wa zinzace zoyandikana nazo, kufikira zitalemera mopitirira ndi kuphulika zathunthu. M'njira zonse ziwiri, kwa masabata angapo nyenyezi imodzi imawala ngati madzuwa mamiliyoni osawerengeka. Dzina la kuphulika kotere, supernova, linafalitsidwa ndi Walter Baade ndi Fritz Zwicky m'caka ca 1934.

Zoponyedwa zija zimafalikira mbali zonse ndi kuomba mpweya umene uli pakati pa nyenyezi; ndilo bwinja la nyenyezi. Mabwinja ambiri ali ndi zaka zikwi makumi, koma amene sanapitirire zaka 1,000 kapena 2,000 achedwa atsopano. Amenewa ndiwo ofunika koposa, cifukwa pa bwinja latsopano munthu akhoza kuzindikirabe pamene panali nyumba ndi pamene panali nkhokwe, m'mene pa bwinja lakale pamera kale chire. Zaka za bwinja ziwerengedwa kuyambira tsiku limene kuunika kwa kuphulikako kunafika pa dziko lapansi, monga kalata ya ku Joni imene kumudzi aiyesa nkhani yatsopano tsiku lofika, ngakhale inalembedwa kale.

ZIMENE MASO ANAONA

Kumayambiriro kwa Meyi caka ca 1006 kunaoneka nyenyezi yacilendo kum'mwera kwa thambo, yowala kuposa zonse zimene zinalembedwa m'mabuku. Ali ibn Ridwan wa ku Egypt analemba kuti inaposa Nthanda kutali, ndipo a ku China ndi a ku Japan analembanso za iyo. Amonke a ku St Gallen ku Switzerland anaiona iri m'munsi, m'mphepete mwa mapiri. Koma pamwamba pa zigwa za Luangwa ndi Lunsemfwa inali kukwera pamwamba ndithu, m'masiku amene anthu a m'maiko ano anali kale osula citsulo ndi oumba mbiya.

M'mwezi wa Julayi 1054 akatswiri a mfumu ya ku China analemba za nyenyezi ina, m'dera la thambo loyandikana ndi Nsangwe ndi Akamwiniatsatana, imene inaoneka ngakhale usana masiku 23, ndi usiku pafupi-fupi zaka ziwiri. Mu Novembala 1572 Tycho Brahe wa ku Denmark anayesa bwino malo a nyenyezi yacitatu, ndipo mu Okutobala 1604 kunaoneka yacinai, imene Johannes Kepler anailondola koposa caka. Patapita zaka zisanu zokha Galileo analoza mandala ace kumwamba. Koma kuyambira pamenepo palibenso supernova ya mu Mlalang'amba imene maso anaiona bwino. Komatu akatswiri awerenga kuti mu Mlalang'amba mumaphulika nyenyezi ngati ziwiri pa zaka 100 ziri zonse. Nanga zinazo zinabisala kuti?

Yankho lace liri m'mizere yakuda ija. Mizereyo si malo opanda nyenyezi iai. Ndi mitambo ya pfumbi imene itsekereza kuunika kwa zonse za kuseri kwace. Anthu ataphulitsa mwala pansi pa mgodi, pfumbi limadzaza njira, ndipo nyali ya munthu woima patali pang'ono sioneka konse, koma kugunda kwa bomba kumamveka m'njira zonse. Mafunde a wailesi si mau omveka ndi makutu. Ali mtundu umodzi ndi kuunika, ndipo amayenda ndi liwiro lomwelo la makilomita 300,000 pa sekondi. Koma popeza ndi atali-atali, amapyola pfumbi limene kuunika kulephera kulipyola.

PHOKOSO LA PAKATI PA MASITESHONI

M'caka ca 1949 m'masitolo a Northern Rhodesia munafika wailesi yochipa, yozungulira ngati poto, yochedwa Saucepan Special. Maganizo ace anali a Harry Franklin, wamkulu wa ofesi ya zofalitsa nkhani. Oipanga anali a Ever Ready, ndipo mtengo wace unali £5, batire pa lokha masheleni 25. Yense amene anaipotokola pofuna Lusaka anamva phokoso la shiii pakati pa masiteshoni. Kagawo kena ka phokoso lotere kamacokera kunja kwa dziko lapansi, ndipo woyamba kudziwa ici anali Karl Jansky.

Jansky anali pa nchito ku Bell Telephone Laboratories ku New Jersey, ndipo anamtuma kufufuza cimene cinali kusokoneza lamya ya wailesi yooloka nyanja. Anamanga mlongoti wautali mamita 30, nauika pa magudumu a galimoto kuti uzizungulira. M'caka ca 1932 anapeza kuti phokoso linali la mitundu itatu: la mphezi zapafupi, la mphezi zakutali, ndi lina lofatsa limene linali kukula ndi kucepa tsiku ndi tsiku. Poyamba analiyesa la dzuwa; koma anaona kuti limabwerera patapita maola 23 ndi mphindi 56, osati maola 24. Nyenyezi ndizo zimafulumira cotero, mphindi zinai tsiku liri lonse, monga adziwa mlimi amene amayang'ana Nsangwe nyengo ikamapita. Mu 1933 Jansky analengeza kuti phokosolo licokera pakati pa Mlalang'amba.

Akatswiri ambiri sanasamale. Koma Grote Reber, munthu wokonda za wailesi wa ku Wheaton ku Illinois, anamanga yekha mbale yacitsulo yotambalala mamita 9 kuseri kwa nyumba mu 1937, ndipo mu 1944 anaturutsa mapu a thambo monga limvekera pa wailesi. Nkhondo yaciwiri itatha, anyamata amene anaphunzira nchito ya radar ku nkhondo anabwerera ndi makina otsala, nawaloza kumwamba.

MABWINJA AYAMBA KUMVEKA

Ku Australia, John Bolton, Gordon Stanley ndi Bruce Slee anaika mlongoti wao pamwamba pa phompho la Dover Heights pafupi ndi Sydney. Nyanja ya m'munsi inali ngati kalilole: mafunde ena anafika molunjika, ena atayamba aomba pa madzi, ndipo poyerekeza awiriwo iwo anatha kudziwa malo eni-eni kumene acokera. Mu 1948 awiri a iwo anapita ndi makina ao ku maphompho atali a ku New Zealand, ndipo mu 1949, caka comwe ca Saucepan Special, analengeza kuti malo amodzi ofuula kwambiri ndi kamtambo kowala kochedwa Crab Nebula.

Kamtambo kameneka kanali kodziwika kale, ndipo kanali kukula. Moto wa lupsa ukayatsidwa pamalo amodzi, umafalikira mozungulira. Munthu woima paphiri akaona kukula kwa bwalo lace tsopano, naonanso patapita ola limodzi, akhoza kuwerenga nthawi imene unayatsidwa. Poyerekeza zithunzi zakale ndi zatsopano, akatswiri anapeza kuti Crab Nebula inayamba zaka ngati 900 m'mbuyomo, pamalo omwe a ku China anachula mu 1054. Iri pa mtunda umene kuunika kumayenda zaka 6,500, ndipo mpweya wace ukuthamangabe makilomita 1,500 pa sekondi, ndiko kuti ulendo wa ku Lusaka kufika ku Chipata theka la sekondi lisanathe.

Ku Cambridge ku England, mu 1948, Martin Ryle ndi Francis Graham Smith anapeza malo ena ofuula koposa onse a kunja kwa banja la dzuwa, ochedwa Cassiopeia A. Pamalopo panalibe nyenyezi yowala. Smith atayesa malowo mosamala mu 1951, Baade ndi Rudolph Minkowski analozako mandala akulu a pa phiri la Palomar, napeza tinsanza ta mpweya tothamanga kwambiri. Powerenga m'mbuyo, kuunika kwa kuphulikako kunafika pa dziko lapansi ca m'ma 1680, patapita zaka 11,000 kuli pa ulendo, koma pfumbi linakuphimba kotero kuti sikunachuke konse. Ili linali bwinja loyamba limene wailesi inaliturukira maso asanalione. Ku Rufunsa limakwera pang'ono pokha kumpoto, m'munsi mwa thambo.

Pambuyo pace mabwinja a nyenyezi za m'mabuku akale anapezeka limodzi-limodzi. La Tycho linamveka ku Jodrell Bank mu 1952, kwa Robert Hanbury Brown ndi Cyril Hazard. La 1006 linazindikirika ndi mbale ya ku Parkes ku Australia mu 1965.

CIFUKWA CACE AFUULA

Pa siteshoni ya wailesi, tizinthu tating'onong'ono tochedwa maelekitironi, tomwe timayenda m'mawaya a magetsi, timagwedezedwa mu mlongoti, ndipo kugwedezekako kumabala mafunde. Iosif Shklovsky wa ku Moscow anafotokoza mu 1953 kuti m'mabwinja a nyenyezi mucitika zofanana: maelekitironi amakankhidwa kufikira athamanga pafupi-fupi ngati kuunika, mphamvu ya maginito imakhotetsa njira yao, ndipo pokhota amataya mafunde. Mu 1960 ananeneratu kuti Cassiopeia A, pokhala akufutukuka, ayenera kumazirala caka ndi caka. Mau a akulu akoma akagonera, koma awa sanacedwe: mu 1961 a ku Cambridge anayesa, napeza kuti akuziraladi, ngati gawo limodzi mwa magawo 100 pa caka.

Mu 1967 Jocelyn Bell, wophunzira wa ku Cambridge, anapeza nyenyezi yogunda pa wailesi mosaphonya ngati koloko. Caka cotsatira ina yotere inapezeka pakati pa Crab Nebula, yogunda ka 30 pa sekondi. Ndiwo mtima wa nyenyezi ya 1054 umene unagumukira m'kati: wolemera kuposa dzuwa, koma wotambalala makilomita ngati 20 okha, osafika theka la mtunda wa ku Lusaka kufika ku Chongwe.

UTHENGA UNAFIKA MU MGODI

Kum'mwera kwa thambo kuli timitambo tiwiri toyera timene sititengedwa ndi mphepo; Azungu anaticha mitambo ya Magellan. Ndi magulu a nyenyezi a kunja kwa Mlalang'amba. Mu waukuluwo, pa mtunda wa zaka 168,000 za kuunika, munaoneka supernova pa 24 Febuluwale 1987; oiona poyamba anali Ian Shelton ndi Oscar Duhalde ku Chile, ndi Albert Jones ku New Zealand. Inali yoyamba kuoneka ndi maso okha kuyambira 1604. Inawala koposa mu Meyi, mitambo ya mvula itacoka ku Zambia, pamene madzulo inali kuima m'munsi ca kum'mwera.

Koma uthenga woyamba unafika pansi pa nthaka. Nyenyezi ikagumuka imaturutsa tizinthu tochedwa neutrino timene timapyola mwala monga ngati palibe kanthu, ndipo makina otigwira amaikidwa m'migodi yakuya kuti zina zonse zitsekerezedwe. Nzeru imeneyi inayesedwa mu 1965 mu mgodi wa golide wa East Rand Proprietary ku Boksburg, ku Joni kumene amuna ambiri a ku Nyasaland anapita pa Wenela, pa kuya kopitirira mamita 3,000. Tsono pa 23 Febuluwale 1987, maola angapo kuunika kusanaoneke, makina a mu mgodi wa Kamioka ku Japan, a mu mgodi wa mcere ku Ohio, ndi a pansi pa phiri ku Baksan anagwira tizinthu timeneti topitirira pang'ono 20, m'masekondi owerengeka.

Pa wailesi, makina a ku Molonglo ku Australia anamva nyenyeziyo patapita masiku awiri, koma inazirala msanga. Pakati pa 1990 inayambanso kumveka, cifukwa zoponyedwa zija zinali zitayamba kuomba mpweya umene nyenyeziyo inataya isanafe. Aka kanali koyamba kuti anthu aonerere kubadwa kwa bwinja kuyambira tsiku loyamba. Kuzirala kwa kuunika kwace kunasonyezanso kuti m'kuphulikako munapangika mtundu wina wa kobalti umene umasandulika citsulo, wolemera kuposa dziko lapansi ka 20,000. Citsulo, kobalti wa ku Nkana ndi ku Chambishi, ndi mkuwa wambiri wa m'migodi ya Zambia, zinaphikidwa m'nyenyezi zimene zinafa dzuwa lisanabadwe, zaka zoposa mamiliyoni 4,600 zapitazo.

BWINJA LATSOPANO KOPOSA

Tsono bwinja lija la kuseri kwa mizere yakuda. Mu 1984 David Green ndi Stephen Gull a ku Cambridge, pogwiritsa nchito mbale 27 za Very Large Array ku New Mexico, anazindikira kampheta kakang'ono pafupi ndi pakati pa Mlalang'amba kuti ndi bwinja la nyenyezi. Dzina lace ndi nambala ya malo ace, G1.9+0.3, monga nambala ya nyumba ya m'komboni. Kucepa kwace kunasonyeza kuti ndi latsopano, koma panafunika kulindira kuti moto ufalikire. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu 2007 Stephen Reynolds ndi anzace analijambula ndi makina a Chandra ouluka kumwamba, nayerekeza ndi cithunzi ca wailesi ca 1985: linali litakula magawo 16 mwa magawo 100 pa zaka 22. Mbale za ku New Mexico zinabvomereza mu 2008.

Powerenga m'mbuyo, kuunika kwa kuphulikako kunafika pa dziko lapansi pakati pa ca m'ma 1860 ndi 1900, patapita zaka zoposa 25,000 kuli pa ulendo. Imeneyo ndi nyengo ya imfa ya David Livingstone kwa Chitambo mu 1873, ndi ya nkhondo ya Angoni a Mpezeni mu 1898. Nyenyeziyo inali kudutsa pamwamba pa anthu onsewo usiku uli wonse wa cisanu, koma pfumbi linameza kuunika kwace. Mbali zace zikuthamanga makilomita ngati 14,000 pa sekondi, ndipo m'malo mozirala monga Cassiopeia A, linapezeka kuti likukulira-kulira mau pa wailesi, popeza likadali kusonkhanitsa maelekitironi.

MAKUTU A AFRICA

Pakati pa Mlalang'amba, pamene pali nyenyezi zambiri ndi pfumbi lambiri, pamadutsa pamwamba pa maiko a kum'mwera kwa Africa. Ku Ulaya pamaoneka m'munsi. Cifukwa cace malo ano ndi abwino pa nchito imeneyi. Ku Hartebeesthoek, kufupi ndi Johannesburg, mbale ya mamita 26 imene Amereka anamanga mu 1961 kuti azilondola zombo za kumwamba inasandulika yomvera nyenyezi ca pakati pa zaka za 1970. Ku cipululu ca Karoo, pafupi ndi Carnarvon, mbale 64 za MeerKAT zinatsegulidwa pa 13 Julayi 2018, ndipo cithunzi cace ca pakati pa Mlalang'amba cimene cinaturuka mu 2022 cinasonyeza mabwinja ambiri, ozungulira ngati thobvu la sopo. Mabwinja olembedwa mu Mlalang'amba ali ngati 300, koma akatswiri ayesa kuti osapezeka ndiwo ocuruka.

Mu 2012 kunagamulidwa kuti makina akulu koposa, Square Kilometre Array, amangidwe ku South Africa ndi ku Australia, ndipo nchito yomanga inayamba mu Disembala 2022. Zambia ndi limodzi la maiko asanu ndi atatu a Africa amene analowa m'pangano lothandizana ndi South Africa, pamodzi ndi Botswana, Ghana, Kenya, Madagascar, Mauritius, Mozambique ndi Namibia. Mbale zotalikirana zikamva cinthu cimodzi nthawi imodzi, zimaona bwino monga mbale imodzi yaikulu ngati mtunda wa pakati pao. Kotero dziko liri lonse loonjezapo mbale limanoletsa maso a onse. Ghana inasandutsa mbale yace yakale ya matelefoni ku Kuntunse mu 2017, ndipo kuyambira 2015 anyamata ndi atsikana a ku Zambia akhala akuphunzira nchito imeneyi pa cikonzero cochedwa DARA.

Nyenyezi ina ya mu Mlalang'amba idzaphulika ndithu. Ndiko kuti inaphulika kale, ndipo uthenga wace uli m'njira. Ikakhala yaikulu, makina a m'migodi ndiwo adzayamba kuliza belu, ndipo mau adzatumizidwa ku maiko onse m'mphindi zocepa. Ikakhala kuseri kwa pfumbi, maso sadzaona kanthu, monga sanaone m'masiku a Mpezeni. Koma mbale zidzatembenukira komweko, ndipo anthu adzalemba kukula kwa bwinjalo caka ndi caka kwa mibadwo ingapo. Nchito yotere ifuna malo a cete, kutali ndi phokoso la makina ndi matelefoni, ndi ana odziwa masamu amene adzalandira mabuku a oyambawo ndi kupitiriza kuwerenga.